Mphaka Amene Adatenga Khoswe Kukhala Nkhoswe

Padangokhala, kale lomwe nyama zikadafunsirana mbeta ndi kuzengana milandu ngati ife, kudali mphaka wina dzina lake Kanyerere. Dzinalo silidali lomunamizira. Adali wowonda ndi wofewa msana, moti polowa nyerere iyenso ankangoti lowu. Chilema chake chidali chimodzi, sankakhulupirira munthu. Ukamupatsa moni ankayamba wasuzumira kumbuyo kwako kuti aone chimene wabisa. Koma okayikira aliyense ndiwo amapusitsidwa moipa, chifukwa amalonda pazenera wakuba atakhala nawo pamphasa.

Kanyerere adachoka kwawo, kutali, nafika pamudzi wina pamene adaona namwali wa mtundu wake, Nambewe, ndipo mtima wake udafera pomwepo. Mayi a namwaliyo, a Nankhoma, adali ndi nkhokwe yaikulu imene makoswe ankaiyesa yawo. Atamva kuti wofunsira mbetayo ndi mlenje wa makoswe sadakane. Adangoti ukwati sumangidwa popanda nkhoswe, choncho mnyamatayo apite akabwere ndi yake.

Nanga mlendo wopanda mbale nkhoswe akaitenga kuti? Kanyerere adayenda akung'ung'udza, ndipo m'njira adambwandira khoswe wina wonona amene ankadutsa ndi chitsononkho.

"Ndiyambe ndadya," adatero Kanyerere, "kenaka ndiganize kumene ndikapeze nkhoswe."

"Bwana," adayankha wapansi pa phaziyo, "nkhosweyo mwaiponda kale."

"Iwe ndiwe khoswe."

"Ndi zomwezo ndikunenazi. Kwanu mumatchula mothamanga, kuno timakokera m'mphuno. Khoswe, nkhoswe, munthu wake ndi mmodzi. Nanga simudadabwe kuti mwangoitchula n'kuipeza?"

Kanyerere adamununkhiza, adamutembenuza, adakayika ndithu. Koma namwali ankadikira, ndipo wofulumira sayesa mlatho. Adamunyamula n'kupita naye.

Kumudzi anthu adagwira pakamwa. A Nankhoma adati zoterezi sadazionepo. Koma Khoswe adagwada, adaomba m'manja, adalankhula mawu okoma ngati uchi, nafunsa kuti ndi mwambo uti umene udaletsa nkhoswe kukhala ndi mchira. Nkhoswe ya kuchikazi, malume ake a Nambewe, idali yokalamba ndi yogontha, ndipo idangogwedeza mutu pa zonse. Ukwati udamangidwa. Kuyambira tsiku limenelo Khoswe adakhala munthu wosadyedwa, pakuti palibe amene amadya nkhoswe yake.

Poyamba Kanyerere adagwira ntchito. Makoswe adali ndi tinjira tawo, koma mphaka polowera pake m'nkhokwe padali pamodzi, kabowo kam'munsi, ndipo iye ankati lowu, m'kati n'kumveka chipwirikiti. Khoswe ataona kuti abale ake akutha, adayamba kuyendera banja. Sankabwera chimanjamanja. Lero mlamba wouma, mawa mafuta a nkhumba, mkuja chambiko m'chikho.

"Idya, mphwanga," ankatero, iye wosafika ndi pabondo pomwe pa mphwakeyo. "Mkamwini wowonda ndi manyazi a nkhoswe. Anthu angamati tidakutaya."

Kanyerere ankanunkhiza mphatso iliyonse kufuna poizoni, ndipo posamupeza ankadya yonse. Khosi lidasowa, mimba idayamba kusesa pabwalo. Anthu akakumana naye ankati, "Mwanenepatu, a Kanyerere, akukusungani bwino!" iye n'kumva kukoma. Tsiku lina adapita pakabowo, mutu udalowa, mapewa adakana. Adabwerera mwakachetechete n'kukagona padzuwa, osauza munthu.

M'nkhokwe mudayamba kumveka nyimbo. Mmodzi ankatsogolera ndi liwu lakuthwa, kufunsa amene wachepetsa khomo, ndipo gulu linkavomera kuti khomo lili momwe lidalili, wakula ndi mlonda. Akatha kuvomera ankakukuta chimanga onse pamodzi, kukukutako n'kukhala ng'oma yawo. Kunja mawu sankamveka bwino. Kanyerere atafunsa, Khoswe adati ndi nyimbo ya maliro, makoswe akulira chifukwa cha mantha.

A Nankhoma sadali ogontha ngati mlongo wawo. Mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho tsiku lina adaima pafupi ndi pamene Kanyerere adagona, nayamba kukalipira mtondo.

"Iwe mtondo, ndimvere. Ine ndidafuna mlonda, sindidafune dzungu loika pakhonde. Chimanga cha kumunda chikauma ndidzaima pakabowo paja. Wina akadzalephera kulowa, adzanyamule mphasa yake azikaona kwawo. Mwana wanga adzatsala."

Mtondo sudayankhe, koma Kanyerere adamva zonse. Pa zinthu zonse za pansi pano, chimene sankafuna kutaya ndi Nambewe.

Nambewe ndiye adakaitana sing'anga, a Nanzikambe. Adafika mochedwa monga mwa kayendedwe kawo, diso lina lili pa mimba ya wodwala, lina pa mbale yake. Kanyerere adadana nawo pomwepo. Munthu woyang'ana mbali ziwiri nthawi imodzi ungamukhulupirire bwanji?

"Mankhwala palibe," adatero a Nanzikambe. "Mafuta ndi chambiko musiye. Muzidya pang'ono koma kangapo, muyeso wake chigoba cha nkhono, ndipo oyeza akhale akazi anuwa. Madzi muzimwa. M'mawa ndi madzulo muzithamangitsa ziwala mpaka muchite befu. Koma tsono mverani, musadzayerekeze kusala kudya. Mafutawa adalowa pang'onopang'ono, adzatulukanso choncho."

Kenaka adapota luzi, napita kukayeza kukula kwa kabowo kaja, naika mkanda wofiira pamene muyeso udathera. Luzilo adalimanga m'chiuno mwa Kanyerere.

"Mkuzi!" adakuwa Kanyerere. "Ngati khanda?"

"Khanda amalimanga kuti aone ngati likukula, inu tikumangani kuti tione ngati mukuchepa. Mwezi ukaoneka muzikoka mfundo kuti ithine. Tsiku limene mfundo idzakumane ndi mkanda, mudzalowa."

Pakati pa mfundo ndi mkanda padali mtunda. Khoswe, monga nkhoswe, adaitanidwa kuti achitire umboni, ndipo adauyang'anitsitsa mkandawo nayamikira luso la asing'anga.

Kanyerere adayamba. Ziwala zidamuseka, chigoba cha nkhono chidamuchepera, ndipo Nambewe akamayeza chakudya iye ankawerenga ndi maso chotsala mumphika, kuganiza kuti mkaziyo akadya yekha kuseri. Masana ankagona padzuwa ngati wakufa. Tsiku lina ali m'tulo Khoswe adafika monyang'ama, nasendeza mkanda ndi mano mpaka kuugunditsa pa mfundo. Paja khoswe amaluma uku akuuzira.

"Mphwanga, dzuka! Taona!"

Kanyerere adayang'ana m'chiuno nalumpha. Nambewe adabwera, adayang'ana mkuzi, adayang'ana mwamuna wake.

"Msanga chonchi? Mwezi sudaoneke n'komwe. A Nanzikambe adati zitenga nthawi."

"Nanga inu simukukondwa nawo bwanji?" adafunsa Kanyerere, maso atatsinzina mbali imodzi.

Khoswe adathamanga kukatenga mlamba wa chikondwerero, ndipo Kanyerere adaudya ndi mutu womwe. Kenaka adapita pakabowo anthu akuona, adabwerera m'mbuyo, adathamanga, nadziponya. Mutu udalowa, mapewa adalowa mokakamiza, mimba idati pano ndiye pathu. Kutsogolo kudakanika, kumbuyo kudakanika. Makoswe adatsika pa chimanga n'kumuimbira nyimbo ija pamphuno penipeni, wotsogolera akufunsa za khomo, gulu likuvomera za mlonda, ndipo tsopano mawu onse adawamva bwinobwino. Nambewe adakoka miyendo, osatheka. Mapeto ake a Nankhoma adafunda nsalu kumaso n'kugwira mchira wa mkamwini wawo, chinthu chimene sichidachitikepo pamudzipo. Kanyerere adatuluka ngati chitsekerero cha botolo.

Madzulo ake Khoswe adabwera kudzapepesa.

"Mkuzi sunama, mphwanga. Ngati mkuzi wakwana koma bowo lakana, ndiye kuti lachepa ndi bowo. Kodi amamata nkhokweyi ndani?"

"Apongozi."

"Ine sindidanene kanthu," adatero Khoswe, akupukuta ndevu.

Kanyerere adayamba kulonda a Nankhoma. Akatenga dothi, iye ali pambuyo. Akapita kunkhokwe, iye ali kuseri kwa mtondo. Mwezi utaoneka a Nanzikambe adafika, adayezanso bowo, napeza kuti silidasinthe.

"Mkandawu wayenda," adatero, naubwezera pamalo pake.

"Mkanda uli ndi miyendo?" adafunsa Kanyerere. Mumtima adati sing'angayu adalakwitsa yekha muyeso ndipo akubisa manyazi ake.

Adayambiranso. Tsopano ziwala zina adayamba kuzigwira, ndipo mfundo idasendera pang'ono. Khoswe ataona zimenezo adadikiranso tulo ta masana, koma ulendo uno mkanda adausendezera kutali. Mfundo ikasendera, iyenso ankausendeza. Kanyerere ankayang'ana m'chiuno m'mawa uliwonse, ndipo mtunda udali womwewo. Kumunda ngaiyaye za chimanga zidayamba kufota. M'nkhokwe nyimbo idakula, ndipo adaonjezamo ndime yonena za mkanda wothawa mwini wake.

"Ankhoswe, ndichite chiyani? Nthawi ikutha."

"Sing'anga wako amachiza monga momwe amayendera," adatero Khoswe. "Ndipo ndani akudziwa kumene diso lake linalo limayang'ana? Mwina ku Nambewe. Iwe ukachoka, mbeta itsala. Nzeru ndi yapafupi, mphwanga. Chonenepetsa ndi chakudya. Tseka pakamwa, mimba iphwa yokha."

Kanyerere adatseka pakamwa. Nambewe akabweretsa chigoba, iye ankatembenukira kukhoma. Mkaziyo adamudandaulira, adamukumbutsa mawu a sing'anga, adalira, koma Kanyerere ankangoti aliyense womukakamiza kudya ali ndi chifukwa chake. Posakhalitsa miyendo idayamba kunjenjemera, m'maso mudachita chikasu, dovu lidayamba kuchucha. Tsiku lina adagwa pabwalo akuthamangitsa chiwala chimene sichidalipo.

Akuti tsiku limenelo ndi lokhalo limene a Nanzikambe adathamangapo chibadwire. Adafika atasintha mitundu yonse ndi mkwiyo.

"Ndidanena chiyani ine? Mphaka wonenepa akasala kudya, mafuta onse amathamangira kuchiwindi. Bowo limene mukadalowa ndi la kumanda, ndipo limenelo silikana munthu."

Adafuna kuona mkuzi, koma Kanyerere, ngakhale adali lefu, adauphimba ndi dzanja. Adati wina asaukhudzenso. A Nanzikambe adapukusa mutu nabwerera kwawo. Nambewe ndiye adatsala ndi ntchito. Adamumwetsa msuzi dontho ndi dontho, kenaka tinyama tosinja, mpaka chikasu chidachoka m'maso. Sadagone tulo tabwino masiku onsewo, ndipo sadadandaulepo.

Atachira, Kanyerere adachita mantha ndi imfa, nayamba kutsata chigoba cha nkhono ndi ziwala mosaphonya. Thupi lidayamba kupepuka. Tsiku lina adadzidzimuka ali pamwamba pa mpanda osadziwa kuti wakwera bwanji. Koma mkanda udali kutali chikhalire, pakuti Khoswe sadasiye ntchito yake ya masana.

Tsono moni wa anthu udasintha. Amene kale ankati "Mwanenepatu!" tsopano ankaima, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwawondatu, a Kanyerere. Kwagwanji?" Kwathu kuno kunenepa ndi mwayi, kuwonda ndi mlandu, ndipo mlandu umafuna mwini wake. Amayi kuchitsime adayamba kunong'onezana.

Khoswe adaona kuti chimanga chauma ndipo mphaka watsala pang'ono kukwana pabowo. Adabwera ndi nkhope ya maliro.

"Mphwanga, pali zimene nkhoswe siyenera kunena, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu akuti wawonda. Mkuzi ukuti sudawonde. Zonse ziwiri ndi zoona. Thupi likutha koma chiuno chili pomwepo. Kumeneko si kuwonda kwa chigoba cha nkhono ayi. Kumeneko ndi kuuma."

"Kuuma?"

"Kwa munthu wodyetsedwa. Amakuyezera chakudya ndani?"

Kanyerere adacheukira kumene Nambewe ankaphika.

"Ndipo mfunda wawo udaumvetsa bwino? Nambewe. Mbewe. Mbewa. Ife makoswe ndi mbewa ndife apachibale, ndiye ndikudziwa zimene ndikunena. Magazi salakwa, mphwanga. Ukafa kapena ukachoka, nkhokwe itsala m'manja mwa abale ake."

Munthu amene adapusitsidwapo ndi liwu lofanana ndi linzake akadayenera kuchenjera. Koma Kanyerere adayamba kulumikiza. Sadakondwe tsiku lija mkanda utakumana ndi mfundo, ndani? Adaitana sing'anga wa maso awiri, ndani? Adamukakamiza kudya, ndani? Zonse zidaloza kumodzi. Mtima udamuwawa kwambiri, chifukwa ankamukonda mkaziyo, ndipo kuwawako kudasanduka ukali.

Adaitanitsa bwalo la banja. Padali a Nankhoma atafulatira, malume ogontha aja, Khoswe atakhala pachitsa, ndi anansi amene adabwera osaitanidwa. Kanyerere sadadikire n'komwe kuti nkhoswe imulankhulire.

"Mkazi uyu akundidyetsa mankhwala. Ndi mfiti, ndipo ndi mbale wa mbewa."

Malume ogontha aja, amene sankamva ngakhale bingu, liwu la mfiti adalimva. A Nankhoma adaiwala mwambo n'kutembenuka kuyang'ana mkamwini wawo m'maso. Nambewe sadalire. Adadzuka, adakonza nsalu yake, nalowa m'nyumba. Mlandu adauimika mpaka tsiku la kabowo, pakuti a Nankhoma adati palibe chifukwa chozengera munthu amene achoke yekha.

Anthu atabalalika, Nambewe adaitanira mwamuna wake kuseri kwa nyumba.

"Imani apa. Kwezani manja."

Adamukumbatira m'chiuno, osati mwachikondi, koma monga momwe mayi amayezera mtolo wa nkhuni.

"Pamene a Nanzikambe ankakumangani mkuzi, zala zanga sizinkakumana kumsana kwanu. Mutachira zidakumana. Lero taonani, dzanja lagwira chigongono cha linzake. Ndakhala ndikukuyezani m'mawa uliwonse, inu mukuyesa ndikukusisitani. Manja angawa palibe amene angawasendeze mukugona."

Kenaka adamasula mkuziwo nauika pamphuno pa mwamuna wake. Luzi lidali lonyuka mbali zonse ziwiri za mkanda, timabala ta mano awiri akutsogolo tili ndondondo. Fungo lake Kanyerere adalidziwa. Adali atanunkhiza mphatso zonse, mbale zonse, mapazi a apongozi ndi thumba la sing'anga, koma chingwe cha m'chiuno mwake sadachinunkhizepo.

Kanyerere adatembenukira kwa mkazi wake. "Nambewe, ine..."

"Musayambe. Ndikuthandizani chifukwa cha chimanga cha amayi. Mverani. Ankhoswe anuwo asadziwe kuti mwadziwa. Akabwera muziwadandaulira, muziti mwataya mtima ndipo mukufuna kudya. Zimene abweretse muzikazikwirira kuseri. Akakhala pafupi muzitukumula ubweya ndi kukoka mpweya. Mphaka wotukumuka amaoneka ngati awiri."

Khoswe atabwera adapeza Kanyerere ali tukumu pakhonde, akulira kuti zonse zatha, bola afe wokhuta. Khoswe adamutonthoza ndipo adatuma adzukulu ake kukatuta mafuta, milamba ndi chambiko. Kanyerere ankalandira, n'kupita nazo kuseri, n'kubwerako akunyambita milomo. Kukwirira mlamba uli ndi njala si masewera, ndipo kangapo adaima pa dzenjelo misozi ili m'maso. Koma adafotsera. Ziwala ankathamangitsa kumene Khoswe sankafikako, ndipo chigoba cha nkhono Nambewe ankangochisiya pakhomo n'kuchoka.

Chimanga chidakololedwa, tsiku lidafika. A Nankhoma adaima pakabowo, mudzi wonse uli pambuyo pawo. Khoswe adali atauza mtundu wake wonse kuti ubwere udzaonere mlonda akutsanzika, ndipo m'nkhokwe mudadzaza mpaka kudenga. Nyimbo idayamba anthu asadakhale n'komwe pansi. Wotsogolera adafunsa za khomo, gulu lidavomera za mlonda, ndipo adaikamo ndime yatsopano yotamanda malume awo amene amadya mbale imodzi ndi mdani. Kukukuta kwake kudamveka mpaka kuchitsime.

Kanyerere adabwera akudzikoka, ali tukumu, mphasa yake ili kale pamapewa. Khoswe adaimirira pafupi ndi bowo nayamba kulankhula mwaulemu kuti iye monga nkhoswe wayesetsa, koma mwana akakana kumva palibe chochita.

"Ndingoyesako komaliza, ankhoswe," adatero Kanyerere, "anthu angati ndidathawa."

"Yesa, mphwanga, yesa. Mchira tikukokera."

Kanyerere adatula mphasa. Adatulutsa mpweya, ubweya udagona, ndipo pamene padali dzungu padaima mlenje uja wakale. Khoswe adatsegula pakamwa kuti achenjeze abale ake, koma mphaka adali atati kale lowu.

Nyimbo idadukira pakati pa funso, ndipo yankho lake silidamvekenso mpaka lero. Nkhokwe idagwedezeka ngati muli njovu. Makoswe adapanikizana pa tinjira tawo, onenepa ndi chimanga cha a Nankhoma, ndipo ambiri adazindikira mochedwa kuti khomo lili momwe lidalili. Kanyerere atatuluka, Khoswe adali atayamba kale liwiro, koma mphaka wopepuka si mnzake wa mphaka wa pakhonde. Adamupeza asadafike pampanda namuponda mchira.

"Bwana," adatero Khoswe, umphwanga utatha, "musanatseke mano, taganizani. Mwatchula mkazi wanu mfiti pamaso pa mayi ake. Mlandu umenewo sudathe. Wokakupepeserani ndani? Mlendo inu, mbale mulibe. Mukandidya, mwadya pakamwa panu pomwe."

Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kanyerere adacheuka kuti aone nkhope ya Nambewe, ndipo kucheukako kudakwanira. Khoswe adadzisolola, ubweya wonse wa kumchira n'kutsala pansi pa phazi la mphaka. N'chifukwa chake mchira wa khoswe uli wosalala mpaka lero.

A Nankhoma adayang'ana nkhokwe yawo, adayang'ana mulu wa makoswe, nalankhula ndi mtondo kuti wina atha kubweza mphasa yake, pamudzi pano akhale. Anthu adaomba m'manja. A Nanzikambe, amene adafika zonse zitatha, adayeza chiuno cha wodwala wawo nati chigoba cha nkhono asachisiye.

Kanyerere adanyamula mphasa mokondwa n'kulunjika kunyumba. Adapeza chitseko chili chotseka. Pansi pa chitsekocho padali mpata, ndipo iye tsopano akadatha kudutsapo osagunda ndi ubweya womwe. Adawerama, kenaka adaima. Adakhala pansi.

"Nambewe, ndalowa m'nkhokwe."

"Ndaona," lidayankha liwu m'katimo. "Amayi akondwa."

"Ndidalakwa. Adandinamiza."

"Adakunamizani za bowo, mudakayikira amayi. Adakunamizani za mkanda, mudakayikira asing'anga. Zimenezo ndidapirira. Koma ine ndidakumwetsani msuzi ndi manja angawa mutatsala pang'ono kufa, ndipo inu mudaimirira pabwalo n'kunditchula mfiti. Kuchitsime ndikafika amayi amasuntha mitsuko yawo. Mimba yanu yaphwa, a Kanyerere, koma mawu aja sawonda."

Kanyerere adayang'ana uku ndi uku kufuna womulankhulira, ndipo padalibe. Kwa nthawi yoyamba adayenera kupepesa ndi pakamwa pake, ndipo mawu atamuthera adangoyamba kulira. Adalira tsiku limenelo, adalira mawa lake, mphasa ili pakhonde. Ena amati patapita nthawi chitseko chidatseguka, ena amati ayi. Ine sindidaliko.

Chimene ndikudziwa ndi ichi. Mphaka amakwera denga, amadutsa pazenera, amalowa pamene mwana wa munthu sangalowetse ndi dzanja lomwe. Koma mudzamupeza atakhala pakhomo lotseka, akulira, akuyang'ana chitseko. Polowera sakusowa ayi. Akudikira kuti wam'katimo amutsegulire yekha.

Yanga yathera pompa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaphule, ndipo adye pang'ono.